Khitchini ya Abiti Abdala

Nyumba za njerwa zimene azungu anamanga ku Mandala ndi m'mbali mwa mtsinje wa Mudi, sitima isanafike ku Blantyre, zinali ndi kanyumba kena kumbuyo, kotalikirako pang'ono kuopa moto, popeza madenga ambiri anali akadali a udzu. Kanyumbako ndiko kanali khitchini. Mzungu womanga ankajambula nyumba yaikulu papepala, zipinda zonse, khonde ndi masitepe omwe, koma akafika pa khitchini ankangoloza kumbuyo ndi chala n'kunena kuti, "Muitane Kalimu."

Che Kalimu sanali kapitawo, ndipo kumutcha mwini ntchito kungakhale kuwonjezera. Anali mmisiri wa njerwa ngati anzake, wamfupi, wa mapewa aakulu, wosakonda kulankhula akakhala pantchito. Chimene chinamusiyanitsa ndi ena n'chakuti khitchini zake sizinkabweza utsi, ndipo makuki, ophikira azungu aja, ankauzana zimenezi akakumana pamsika.

Anabadwira kuseri kwa Zomba. Mayi ake anamwalira iye akuyamba kumene kuzindikira, ndipo amalume ake, amene anali amtengatenga, anamutenga n'kumayenda naye pamsewu wochokera kumadoko a Shire kukwera ku Mandala. Anakulira pakati pa amuna okhaokha. Poyamba ankasenza katundu, kenako anaponda dothi kwa oumba njerwa, mpaka mmisiri wina wachikulire anamugwiritsa chingwe ndi mpeni womangira. Chakudya chonse cha unyamata wake chinaphikidwa ndi amuna, pansi pa mtengo, mwachangu, aliyense diso lili pa katundu wake. Sanakhalepo pafupi ndi mafuwa a mkazi nthawi yokwanira kuti aone zina zimene zimachitika pamenepo kupatula kuphika.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere. Asanakumbe maziko, ankasonkha kamoto ka masamba aawisi pamalopo n'kukhala chapatali, kuyang'ana kumene utsi ukulowera m'mawa, masana ndi madzulo. Ankafunsanso okhala pafupi kuti chiperoni chikabwera chimawomba kuchokera mbali iti, chifukwa khomo loyang'ana chiperoni limanyowetsa nkhuni ndi kuzunza moto. Akakhutira, ankatenga phulusa m'lichero n'kulemba pansi: apa khoma, apa khomo, apa ng'anjo yophikira ndi chumuni chake, apa tebulo, apa mtsuko wa madzi. Akatero ankaitana kuki wa panyumbapo kuti alowe m'phulusamo aphike chakudya chabodza, iye akuonerera.

Amene anazolowera masewera amenewa anali Che Dauda, kuki wamtali, wapakamwa, amene sankakhalitsa kwa dona mmodzi, moti Kalimu anamumangira khitchini kangapo konse.

"Apo mwapondapo ndi khoma, Che Dauda. Mwalowera pakhoma ngati mfiti."

"Khoma liti? Ine ndikuona phulusa."

"Tulukani mulowere pakhomo."

Dauda anazungulira, n'kugogoda m'malere. "Odi kuno. Eni ake alipo?"

"Nyamulani mphika muuike pamoto."

"Uti? Wa dona, kapena wanga wobisa uja?"

"Wolemerawo. Tsopano tembenukani mutunge madzi. Mwaona, chigongono chagunda tebulo."

"Sichinagunde kanthu."

"Chidzagunda." Kalimu anafufuta mzere ndi phazi n'kuusendeza pang'ono. Kenako anaimika chingwe kuchokera pansi mpaka m'chiuno mwa Dauda n'kumanga mfundo. Pamfundopo ndi pamene ng'anjo inkalekezera, kuti munthu aziphika choimirira msana osapweteka.

"Musaiwale phanga la chiwaya chija," anatero Dauda, tsopano osaseka.

Onse awiri anali Asilamu. M'nyumba za azungu m'mawa munkakazingidwa nyama ya nkhumba, choncho Kalimu ankasiya kaphanga pakhoma, patali ndi ziwiya zina, kuti chiwaya chimenecho chizikhala chokha. Palibe amene anamulamula kutero.

Madona nawo anali ndi zofuna zawo, ndipo zinkafanana nyumba iliyonse. Khomo lisayang'ane kunjira. Zenera likhale m'mwamba, lolowetsa kuwala koma losaonetsa munthu. Kuzungulira khitchini pakhale mpanda, kuti abale a kuki asamabwere kudzakhala pakhomo kudikira zotsala. Kalimu anamva mawu amenewa zaka zambiri mpaka anakhazikika m'manja mwake. Kwa iye khitchini yabwino inali imene munthu mmodzi amaphikamo yekha, chilichonse chili pafupi ndi dzanja, popanda womusokoneza.

Anakwatira mochedwa. Mkaziyo anali Amisa, mwana wa Che Abdala wa m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Chiradzulu, ndipo anthu ankamutcha Abiti Abdala. Kalimu anamuona koyamba atapita kumeneko kukafuna nsungwi za denga. Anamupeza atakhala pansi pakati pa azichemwali ake, onse akutongola chimanga, iye akuseka chinachake mpaka kugwetsa chitsononkho. Nsungwi anagula, koma chimene anabwerera nacho ku Blantyre chinali kusekako.

Monga mwa mwambo, anakakhala chikamwini, kulima munda wa apongozi. Analima mokhulupirika, koma manja ozolowera njerwa sanagwirizane ndi khasu, ndipo m'mudzi monsemo munalibe munthu wofuna chumuni. Anatuma ankhoswe kukapempha kuti amutenge mkazi kutauni. Apongozi aakazi anakana, anakananso, potsiriza anavomera ndi mawu akuti mwanayo akapanda kukondwa kumeneko abwerere, pasakhale mlandu.

Kalimu anatsogola kukakonza malo. Anasankha ku Manja, kumene nthawi imeneyo kunali nyumba zowerengeka m'munsi mwa phiri la Soche. Anthu anamanga mothithikana pafupi ndi kamtsinje, koma iye atasonkha kamoto kake anaona kuti kumeneko utsi umagona m'mawa osakwera. Anakwera chitunda, patali ndi aliyense, pamene mphepo inkayenda bwino. Nyumba yogona anamanga ya wamba, yadothi ndi udzu. Mtima wake wonse unapita ku khitchini. Njerwa anaumba yekha akaweruka, n'kuziwotcha yekha. Anamanga ng'anjo, chumuni, zenera lam'mwamba, khomo loyang'ana kuphiri ndi mpanda wa bango kuzungulira. Panalibe mkazi wa mmisiri mnzake aliyense amene anali ndi chinthu chotere, ndipo madona ena analibe choposa.

Chinthu chimodzi chokha anachisiya. Sanamuitane Amisa kuti adzaime m'phulusa, chifukwa ankafuna adzaione itatha. Analowamo yekha, n'kupinda mawondo pang'ono kuti alingane ndi msinkhu wa mkazi wake monga ankaukumbukira, n'kumatembenuka uku ndi uku ndi mphika wosaoneka. Dauda anamupeza ali chomwecho.

"Kodi ndi m'mimba, Che Kalimu? Thengo lili uko."

"Ndikuyesa ng'anjo."

"Mwini wake ali kuti?"

"Ndimamudziwa. Mutu wake umandilekeza apa."

"Ine mumandiyendetsa m'phulusa ngati nkhuku, mkazi wanu mukumuyesa ali ku Chiradzulu. Chabwino, mmisiri ndinu."

Amisa anabwera atakolola, ataperekezedwa ndi mkulu wake Amida, amene anagona n'kubwerera. Kalimu anadikira kuti mlamuyo achoke, ndiye anatsegula chitseko cha khitchini n'kuima pambali. Amisa analowa mwakachetechete. Anasisita khoma ndi chikhatho, anasuzumira m'chumuni, n'kuyang'anayang'ana pansi.

"Mafuwa ali kuti?"

"Safunika. Nkhuni muika m'munsimu, mphika pamwamba apa, utsi ukwera uko. M'maso mwanu simudzalowanso utsi."

"Nanga ndizikhala pati?"

"Muziima. Taimani apa muone. Mwaona? Ndendende m'chiuno."

Zinalidi ndendende. Kalimu sanaphonye ngakhale ndi chala chimodzi.

"Ndi yabwino," anatero Amisa.

Anayesetsa, zimenezo zisabisike. Anaphunzira kusonkha moto m'ng'anjo, ndipo chakudya chinkapsa msanga. Miyendo itayamba kutupa chifukwa choima, Kalimu anamumangira pokhala pa njerwa. Atanena kuti mkatimo ndi mwamdima, anapaka laimu makoma onse mpaka kuyera mbee. Atasowa poika lichero, anakhoma thabwa. Chilichonse chimene Amisa ankatchula, mwamuna wake ankachiyankha ndi njerwa kapena msomali, ndipo nthawi zonse Amisa ankayang'ana n'kunena kuti ndi yabwino.

Kalimu ankachoka kukucha kupita ku Mandala n'kubwera dzuwa likulowa. Tsiku lonse mkaziyo ankatsala ndi phiri kutsogolo, mpanda kumbuyo. Mitondo ya kumtsinje inkamveka, ndi mawu a amayi akuitanizana, koma ali m'khitchini sankaona munthu.

Tsiku lina ndiwo zinalibe mchere. Apa pafunika kufotokoza pang'ono, ngakhale akuluakulu akudziwa kale. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa odya nthenda ya tsempho. Kumudzi nkhaniyi siivuta. Amangokodola mchemwali wake kapena mayi woyandikana naye, uyo n'kuthira mcherewo akupitiriza nkhani imene amakamba, ndipo mwamuna amadya osadziwa kuti dzanja linali la yani. Kalimu mwambowu ankaudziwa. Atalawa ndiwozo anamvetsa, ndipo sanakalipe. Anangoganiza ngati mmisiri amene wapeza pamene denga likudontha. Mawa lake anabwera ndi kambale kagalasi kobenthuka m'mphepete, kamene dona wa Dauda anataya.

"Masiku oterewa musamavutike," anatero mokondwa. "Muzingoika aka pamphasa, ine ndizithira ndekha. Azungu amatero tsiku lililonse."

Amisa analandira ndi manja awiri, maso ali pansi. Kuyambira pamenepo, mwezi uliwonse kambaleko kankaonekera pamphasa pafupi ndi ndiwo, ndipo akakaika ankabwerera msanga kukadyera kukhitchini. Kalimu ankathira mchere wake n'kumaona kuti vuto latha.

Anazindikira ndithu kuti mkazi wake wasiya kuseka. Ankaganiza kuti ndi kupukwa kumene kumagwira aliyense wobwera kumene kutauni, ndipo kumatha kokha. Iye mwini anapukwapo ali mwana, ndipo palibe anamufunsa.

Mvula yoyamba itagwa, kunabwera uthenga woti kumunda kwa amayi kukufunika manja. Amisa anamanga kamtolo kake. Anati akabzala, akapalira, abwera. Kupalira kunatha. Chimanga chinamasula, anthu anadya chachiwisi, mapesi anauma. Sanabwere.

Chaka chimenecho ntchito inasamukira ku Limbe. Njanji inali itafika, ndipo amwenye ankamanga masitolo motsatana, kumbuyo kwa sitolo iliyonse kukufunika pophikira. Kalimu anapeza kuti akakwera pamwamba kumalizitsa chumuni, phiri la Chiradzulu linkaoneka lonse, lobiriwira m'munsi, lotuwa pamwamba. Mudziwo sunkaoneka, koma ankadziwa mbali imene unali, ndipo nthawi zina kumeneko kunkakwera kautsi kopyapyala. Ankaika njerwa imodzi n'kuyang'ana, kuika ina n'kuyang'ananso. Chumuni chikakwana, ankapeza chifukwa chowonjezera mzere wina.

"Iwe fundi," mwini sitolo wina anafuula ali pansi, "chumuni chimenechi chikupita kuti? Ine ndikufuna kuphika mpunga, osati kulankhula ndi mitambo."

"Mphepo ya kuno ndi yovuta, bwana," anayankha Kalimu, n'kutsika mochedwa.

Kunyumba sankasonkha moto m'khitchini muja. Ankaphika pansi pa mtengo ngati kale, koma khitchiniyo ankaisesa. Mthiko wa Amisa unali pathabwa pamene anausiya, ndipo iye ankaunyamula, kupukuta pansi pake, n'kuubwezera momwemo. Akamva mapazi panjira madzulo ankaimirira, ngakhale ankadziwa kuti munthu wochokera ku Chiradzulu sangafike nthawi imeneyo.

Tsiku lina akukonza mpanda umene chiswe chinadya, anapeza miyala itatu yakuda ndi mwaye kuseri kwa khitchini, pakona pamene iye sankapitapo. Pamwamba pake bango linali litakankhidwira uku ndi uku, kusiya kampata. Ataima sanaone kanthu. Anakhala pansi pafupi ndi miyalayo, ndipo kampatako kanalunjika m'maso mwake. Kumunsi kunkaoneka kamtsinje, mitondo, amayi atatambalala pansi pa mtengo akusankha nyemba, wina akupesa mnzake. Anakhala pamenepo mpaka amayiwo anabalalika.

Anamufotokozera Dauda. Dauda anamvetsera akusenda mbatata, ndipo ulendo uno sanafulumire kuseka.

"Pitani mukamutenge."

"Ananena kuti abwera."

"Dona wanga woyamba nayenso ananena kuti abwera. Anakwera sitima ya pamadzi ine ndili ndi tsitsi lonse."

"Ndikapita ndikanene chiyani?"

"Musakanene kanthu. Inu mukatsegula pakamwa pamatuluka njerwa. Mukakhale pansi, iwo akanene."

Anapita wapansi, atanyamula nsalu ndi sopo. Apongozi aakazi atamuona patali analowa m'nyumba, monga mwa ulemu wa pakati pa mkamwini ndi mpongozi. Amene anamuyalira mphasa anali Amida, mlamu wake, mayi wapakamwa koma wosapsa mtima.

"Alamu, mwabwera wapansi? Ife timayesa mubwera pamachila, anthu akuimba kutsogolo."

"Machila ndi a eni ake. Muli bwanji kuno?"

"Tili bwino. Utsi ukutilowa m'maso, koma tili moyo."

Kalimu anameza mawuwo. "Nanga Abiti Abdala?"

"Wanenepa."

Nthawi yomweyo kuseri kwa mpanda kunamveka kuseka, kuja kogwetsa chitsononkho. Kalimu anatembenuka asanaganize. Panali patapita nthawi yaitali asanakumve, ndipo anazindikira kuti kunyumba kwake ku Manja sikunamvekepo ngakhale kamodzi.

Amida anamuyang'ana, n'kutsitsa mawu. "Mukudziwa kuti tsiku lina anasenza mphika wa ndiwo wotentha, kutsika nawo chitunda chanu chija, kukapempha mayi wosamudziwa kuti amuthirire mchere?"

"Sanandiuze."

"Akanakuuzani bwanji? Mayiyo anathira, sanali woipa. Koma ena anali pamtondo anayamba kufunsana, akumva, kuti kodi uyu ndi wa kunyumba ya chumuni ija, alibe abale kwawo? Anakwera chitunda akulira, ndiwo zitazizira. Sanatsikenso."

"Koma ndinamubweretsera kambale."

"Kambale kaja tinakamva. Tinaseka mpaka amayi anatithamangitsa pakhonde. Amisa yekha ndiye sanaseke." Amida anasendeza mbale ya mtedza kwa mlendoyo. "Zamasiku a mkazi mwamuna amadziwa, inde, ndife akuluakulu. Koma osati pachakudya, alamu. Osati mkazi kubwera nako m'manja ngati akuliza belu la kumishoni."

Kalimu anayang'ana manja ake. "Ndinayesa chilichonse. Msana sunamupweteke. Nkhuni sizinanyowe."

"Palibe akukana. Ine ndinaiona ndi maso, ngakhale munadikira kuti ndichoke. Ndinasuzumira m'mawa musanadzuke. Ndi yokongola. Koma tandiuzani, kuki wa mzungu akamaliza kuphika amapita kuti?"

"Amaweruka. Amapita kwawo."

"Nanga mng'ono wanga ankaweruka kupita kuti?"

Amida anaimirira, n'kukung'untha nsalu yake. "Ndikuitanireni. Koma musayambe kumuyesa ndi chingwe."

Amisa anabwera n'kugwada chapatali, kupereka moni ngati kwa mlendo wolemekezeka. Anali atanenepadi, khungu likuwala. Anafunsa za ulendo, za ntchito, za Che Dauda. Kalimu anayankha zonse, kenako anakumbukira malangizo a mnzake n'kukhala chete. Koma Amisa nayenso anakhala chete, ndipo mapeto ake amene anayamba kulankhula anali Kalimu yemweyo.

"Ndinaipeza miyala ija."

Amisa anaweramitsa mutu. "Ndinkaichotsa musanabwere. Tsiku lomaliza ndinaiwala. Sindinafune kuti muone ngati ndanyoza ntchito yanu."

"Ndisiya pachitunda paja. Ndimanga kumunsi, pakati pa anthu, ngakhale utsi uzigona. Pophikira pakhale pabwalo, kamthunzi ka udzu basi. Mubwere ndi amene mukufuna, azakhali kaya ndani, ndiwamangira pogona."

"Amayi aja anandiseka."

"Mukakhala pakati pawo adzaseka wina."

Amisa anamwetulira pang'ono, koma kumwetulirako sikunakhalitse. Anatola kamtengo n'kumakanda pansi. "Munda wanga uli kuno. Amayi andigawira mbali ya kudambo. Chaka chino ndadzaza nkhokwe ndekha." Anadikira. "Inu bwanji osabwera kuno?"

"Kuno ndizimanga chiyani?"

Funsolo Kalimu analifunsa mofatsa. Nkhuku inadutsa pakati pawo. Kuseri kwa mpanda mitondo inali italeka, kusonyeza kuti kunali makutu.

"Ndikakolola ndizibwera," anatero Amisa. "Mvula ikayamba ndizibwerera."

"Mpaka liti?"

"Sindikudziwa."

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi n'kuvomereza zimenezo. Ena anati ukwati wotere sukhalitsa. Unakhalitsa.

Kalimu anamanga kumunsi, pakati pa nyumba ya mayi uja anathira mchere ndi ya munthu wina wosoka nsapato. Khitchini ya pachitunda anabwereka mnansi wina amene ankasowa khola.

"Mbuzi za ku Manja zatukuka," anatero Dauda atamva. "Zikugona m'laimu, zili ndi chumuni. Mwaziyesa m'chiuno?"

Amisa anabwera atakolola, monga ananenera, pamodzi ndi azakhali ake amasiye, atasenza ufa, nandolo ndi nkhuku m'chitete. Miyala ya mafuwa anakasankha okha kumtsinje, azakhaliwo n'kuikhazika pansi, ndipo Kalimu anauzidwa kuti apite kokayenda. Pasanathe nthawi, amayi a kumtsinje anayamba kubwera kudzapala moto n'kuiwala kubwerera. Madzulo akamachokera kuntchito ankamva mawu a mkazi wake ali panjira, nyumba isanaoneke, ndipo ankachepetsa liwiro kuti amve nthawi yaitali, chifukwa akangofika amayi ankabalalika ndipo Amisa ankakhala waulemu.

Ntchito yake sanaisinthe. Madona ankafunabe khomo losayang'ana kunjira ndi mpanda wozungulira, ndipo iye ankawamangira bwino lomwe, ku Mandala, ku Limbe ndi m'minda ya fodya yozungulira. Ana anabadwira ku Chiradzulu, kwa mayi awo, ndipo anali a kumeneko. Ankabwera chilimwe, ataiwala nkhope yake pang'ono, n'kuchoka atangoyamba kumuzolowera. Kangapo anayesa kukakhala kumudziko dzinja lonse, koma pofika pakati manja ankamuyabwa, ndipo uthenga ukabwera woti kwinakwake kukufunika chumuni, ankanyamuka. Kangaponso Amisa anayesa kutsala kutauni mvula itagwa, koma ankangoyang'ana kumwamba ndi kununkhiza dothi, mpaka Kalimu mwini ankamuuza kuti apite.

Moyo wake unagawika chomwecho. Miyezi ya mvula ankagwira ntchito, kudya pansi pa mtengo, kumvetsera mabingu. Ankadziwa za kumunda kuposa alimi ena, chifukwa aliyense wochokera mbali ya Chiradzulu ankamuimitsa pamsika wa Limbe kumufunsa ngati chimanga chamasula, ngati chayamba kuuma, ngati anthu ayamba kusanja nkhokwe.

Chaka china, tsitsi lake litachita imvi, kutentha kunafika poipa ndipo mitambo inaunjikana pamwamba pa Soche. Masana kunagwa mvula yamadontho akuluakulu, yonunkhiritsa fumbi, n'kusiya msanga. Kalimu anafika kunyumba atanyowa mapewa, n'kupeza Amisa atatulutsa khasu lake, akuligogoda pamwala kuti lilowe bwino mumpini. Mitolo inali kale pakhonde.

"Imeneyi si mvula," anatero Kalimu asanakhale n'komwe pansi. "Ndi chizimalupsa. Wobzala ndi imeneyi ataya mbewu."

"Chaka chatha munatero."

"Chaka chatha ndinanena zoona."

"Munanena zoona, ine n'kupeza anzanga atabzala kale, chimanga chili m'mawondo."

"M'mawondo mwa nkhuku."

Mayi woyandikana nawo anaseka ali kwawo. "Abiti Abdala, amuna anuwa akanakhala ndi makwerero aatali akanakatseka mitambo ndi njerwa."

"Musawapatse nzeru," anayankha Amisa.

Kalimu anakhala pakhonde pafupi ndi mitolo. Anayang'ana kumwamba ngati munthu wofufuza umboni. Kumadzulo kunali kutayera pang'ono, ndipo analoza komweko. "Taonani uko. Kukhala dzuwa sabata yonse."

Amisa sanayang'ane kumene ankaloza. Anayang'ana iye, nthawi yaitali, khasu lili pamiyendo.

"Ndidikira mupemphere Lachisanu," anatero. "Loweruka ndinyamuka, kugwe kusagwe."

Loweruka kunacha kopanda mtambo ngakhale umodzi. Kalimu anayang'ana kumwamba kamodzi kokha. Anasenza mtolo waukulu n'kutsogola. Anadutsa ku Limbe masitolo akutsegulidwa kumene, anawoloka njanji, n'kutsata msewu wa ku Chiradzulu mpaka pamtengo wa mkuyu pamene ankalekezera chaka chilichonse. Pamenepo anamutwika mtolowo.

"Mukafunse ngati alipo wobwera kuno mwezi wamawa," anatero Kalimu. "Andibweretsere mawu a mmene zamerera."

"Ndikafunsa. Inu muzidya. Musamangomwa tiyi wa Che Dauda."

Anaima pamkuyupo kuyang'ana mtolo ukuchepa pamsewu, mpaka unasakanikirana ndi mitolo ya anthu ena. Ndiye anatembenuka. Lolemba kunali maziko oti akumbe ku Mandala, ndipo anali asanaone kumene utsi wa pamalopo umalowera.